Gologolo ndi Lamulo Lotseka Ana M'maso

Padangokhala, ndipo inu muli apo muzindivomera kuti tili limodzi, kale nyama zikadali ndi bwalo lawolawo la milandu.

Mfumu ya nyama masiku amenewo anali Chipembere. Mtima anali nawo wabwino, mwambo ankaukonda, koma maso ake ankaona pafupi pokha. Chinthu chikangotalikira pang'ono, kwa iye chinali utsi. Choncho zambiri ankazisiya m'manja mwa nduna yake yaikulu, Nyalugwe. Nyalugwe naye anali ndi msilikali womuyendera, Fisi.

Chaka china ana a nyama anayamba kusowa. Lero wa Mbawala, mawa wa Nkhanga, mkuja wa Pusi. Amayi analira mpaka mawu kusasa. Nyama zitasonkhana pabwalo, Nyalugwe anaimirira nkhope ili yachisoni kuposa ya ofedwawo.

"Ine ndafufuza," anatero. "Chikuwapha anawa ndi maso awo omwe. Mwana akaona nyama ya mtundu wina amatengeka mtima, amailondola, osabwereranso. Tiike lamulo, mfumu. Mwana azidziwa amake ndi abale ake basi. Wotenga mwana kukamuonetsa nyama ina, mlandu."

"Ngati n'kuteteza ana, likhale lamulo," anatero Chipembere.

Lamulo linakhaladi. Koma ana sanaleke kusowa. Anasowa kuposa kale.

Tsono kunali Gologolo, mayi amene ana ake anali atakula kale n'kukamanga kwawo. Tsiku lina ali pamwamba pa mtengo akuswa mfula, anaona kamwana ka Gwape katasochera. Pansi pamthunzi panali patagona Nyalugwe. Kamwanako sikanathawe. Kanali kasanaonepo chinthu chamawanga chibadwire. Kanapita pafupi, kanagwada monga kanaphunzitsidwira, n'kuti, "Zikomo agogo, kodi mwawaonako amayi anga?"

"Sendera kuno ndikunong'oneze," anatero Nyalugwe.

Gologolo anakuwa mpaka kukhosi kuwawa. Kamwanako kanakweza mutu, koma sikanadziwe kuti kukuwa kwa gologolo kumatanthauza chiyani. Kanasendera.

Gologolo sanadyenso mfula zija. Anathamangira kwa Njiri, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, n'kumufotokozera zonse.

"Tiye tikanene kwa mfumu," anatero Njiri.

"Ndi mboni yanji? Mfumu siona patali. Idzafunsa Fisi, ndipo Fisi adzalumbira kuti Nyalugwe amadya udzu."

"Nanga titani?"

"Mwana uja sanafe chifukwa choona, mnzanga. Wafa chifukwa chosaona. Mawa undipatse ana ako."

"Lamulo lija waiwala?"

"Za lamulo undisiyire ine."

Njiri anayang'ana ana ake akugudubuzana m'fumbi. Kenaka anati, "Atenge. Kuwabisa ndawabisa, koma tulo sindikupeza."

M'mawa mwake Gologolo anatsogola, tiana ta Njiri pambuyo, michira ili njo. Inali nyengo yachilimwe, ndipo nyama zonse zinkamwa pachitsime chimene Njovu anakumba mumchenga. Panjira Gologolo anawaphunzitsa nyimbo. Inali yosavuta. Iye ankatsogolera potchula dzina la nyama ndi chabwino chimene yawachitira, ana n'kuvomera ndi zikomo wautali akumenya mapazi pansi. Kumapeto kwake onse ankakweza mawu pamodzi, kunena kuti maso awo sanachite kubwereka, ndiye palibe amene angabwere kudzawaitanitsa.

Atafika pachitsime, tianato tinaima njenjenje.

"Azakhali, mitengo iyi ikuyendatu!" kanatero kamodzi.

"Si mitengo. Ndi miyendo. Yang'ana kumwamba."

Kanayang'ana kumwamba n'kugwa chagada. Njovu anaseka, anatsitsa chitamba pang'onopang'ono n'kukadzutsa.

"Mwabwera kudzatani, ana inu? Simukudziwa kuti n'koletsedwa?"

"Tabwera kudzathokoza madzi, agogo," anatero Gologolo, n'kuyambitsa nyimbo ija.

Njovu anamvetsera mpaka kumapeto. Ndiye anati, "Ndakumba zitsime kuyambira ndili mnyamata. Ambiri amwa. Wobwera kudzati zikomo ndamuona lero." Anawalola kugwira chitamba chake. Anawaonetsa mmene amanunkhizira madzi obisala pansi pa mchenga. Anawauzanso kuti akadzamuona atatambasula makutu, mutu uli m'mwamba, asadzayandikire, chifukwa tsiku limenelo amakhala kuti mtima wamuipira. Pomaliza anawawaza madzi, tianato n'kumalira ndi chimwemwe.

Phokoso limenelo ndi limene linaitana Fisi. Dzuwa lisanapendeke, Gologolo anali atakhazikidwa pabwalo.

"Mfumu, uyu waswa lamulo," anatero Nyalugwe. "Watenga ana kukawaonetsa Njovu."

"Iwe Gologolo, n'zoona?" anafunsa Chipembere.

"Ayi mfumu. Ife sitinapite kukaona. Tinapita kukathokoza. Ndifunse nawo, kodi wamwa pachitsime cha mnzake amatani pamwambo wathu?"

"Amathokoza."

"Amathokoza atafulatira?"

"Kumeneko ndiye kutukwana!"

"Ndiye ife, mfumu, tinapewa kutukwana."

Chipembere anaseka mpaka nyanga kugwedezeka. "Apa palibe mlandu."

Nyalugwe anati, "Mwaweruza bwino, mfumu. Koma poti tikuteteza ana, tionjezere pang'ono. Opita kukathokoza azipita atamangidwa masamba kumaso, ndipo Fisi aziwaperekeza."

"Likhale lamulo," anatero Chipembere.

Tiana ta Njiri tinagona tikukamba za Njovu, ndipo nkhani inafalikira. M'mawa Gologolo anapeza pakhomo pake pali amayi ena ndi ana awo. Kumbuyo kwenikweni kunaima Gwape, wofedwa uja, ali ndi kamwana kamene kanamutsalira.

"Kamodzi komweka," anatero Gwape. "Kakasowa aka, ine ndatha."

"Ndikudziwa," anatero Gologolo. "Ndiye chifukwa chake ukabweretse tsiku ndi tsiku."

Anawamanga masamba kumaso ndi luzi, aliyense n'kugwira mchira wa mnzake. Fisi anatsogola akudzithyolathyola ngati mwini ulendo. Anaimba nyimbo ija njira yonse, koma tsopano kumapeto kwake anaonjezera kuti makutu ndi mphuno nazonso anabadwa nazo, sanagule pamsika.

Tsiku limenelo anapita kukathokoza Nyani, amene ankalondera pamwamba n'kumachenjeza ena kukabwera zoopsa.

"Poti simungandione, mundimve," anatero Nyani. Anakuwa mwa mtundu wina. "Kumeneku ndi kwa njoka. Mukamva, imani, yang'anani pansi." Anakuwa mwa mtundu winanso. "Kumeneku ndi kwa mbalame yolanda ana. Lowani pachitsamba." Kenaka anakuwa mwamphamvu, mothamanga, mpaka Fisi anadzidzimuka.

"Nanga kumeneko n'kwa yani?" kanafunsa kamwana ka Gwape.

Nyani anayang'ana Fisi, n'kuyang'ana Gologolo. "Kumeneko ndi kwa uja amayenda osamveka. Mukamva, musafunse. Thawani."

Pobwerera Gologolo anaimitsa mzere. "Ana inu, tachita mwano. Pali akulu amene atiperekeza ulendo wonsewu, ife osawathokoza. Koma poti maso ndi omanga, muwanunkhize bwinobwino, kuti mukadzakumana nawo tsiku lina mudzawadziwe, mudzawapatse ulemu wawo."

Fisi chibadwire anali asanathokozedwepo. Anaima nganganga, chifuwa patsogolo. Ana anamuzungulira, mphuno zikugwira ntchito.

"Mundinunkhizenso kumsanaku," anatero Fisi. "Ndi kumchiraku. Musachite manyazi."

Kamwana kena kanatsokomola. "Azakhali, akuluwa anagona pachinthu chakufa?"

"Khala chete, ndi mafuta a kubwalo amenewo, odzola akuluakulu. A Fisi, taasekereni anawa amve mawu anu okoma."

Fisi anaseka chikhakhali chake chonse, ana akumvetsera, makutu ali tcheru.

Tsono Fisi uja ankadya zotsala za bwana wake, ndipo nthawi zina ankadzigwirira yekha. Patapita masiku, njala itamupweteka, anakabisala pafupi ndi una wa Njiri. Mphepo itangotembenuka, kamwana kamodzi kananunkhiza n'kukuwa kuti, "Mafuta a kubwalo!" Tonse tinalowa kuuna kuti psiti. Anayesa kwa Nkhanga, chimodzimodzi. Anabwerera kwa Nyalugwe mimba ili pepuu.

Nyalugwe anamukhazikanso Gologolo pabwalo.

"Uyu akuwononga ana," anatero Nyalugwe. "Sakuperekanso ulemu kwa akulu. Akungothawa."

"Mfumu, afunseni a Fisi," anatero Gologolo. "Kodi tsamba linachokapo kumaso kwa mwana ngakhale mmodzi?"

"Iwe Fisi, linachoka?"

"Silinachoke, mfumu."

"Anakutukwana?"

"Ayi mfumu. Anandithokoza."

"Nanga mukundivutiranji? Palibe mlandu."

Nyalugwe anakanda pansi ndi zikhadabo, koma mawu anawafewetsa. "Mfumu, maulendowa ndi amene akubweretsa mikangano. Basi, mwana asamachokenso pakhomo pa amake. Ngakhale kukathokoza."

"Likhale lamulo," anatero Chipembere, atatopa.

Bwalo litabalalika, Nyalugwe anamupeza Gologolo ali pamtengo.

"Mchira wako ndi wokongola," anatero. "Ndakhala ndikuganiza kuti ungakome bwanji m'mano mwangamu."

Gologolo anasendera kunsonga kwa nthambi yopyapyala. "Bwerani mudzautenge, a Nduna. Paja kukwera mumatha."

Nyalugwe anayang'ana nthambiyo, anadziyang'ana kulemera kwake. "Udzatsika."

"Ndidzatsikadi. Ndili ndi ana oti ndiwaphunzitse. Ndinakuonani tsiku lija pamthunzi, a Nduna. Ndinamva zimene munamuuza mwana wa Gwape."

"Ukanene, tione amene angakumvere."

Atafika kunyumba, Gologolo anapeza nkhokwe yake atayifukula. Mfula zonse, mtedza wonse umene anasunga, Fisi anali atamwaza n'kupondaponda m'matope. Panalibe ngakhale kamodzi kotola. Anakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba mchira wake unagwa.

Njiri anamupeza ali chomwecho.

"Andipeza, mnzanga," anatero Gologolo. "Nduna sinandigwire, koma njala indigwira. Ndikamayenda ndi ana, ndidya chiyani? Ndikamatola chakudya, ana ayenda ndi yani?"

Njiri anatembenuka n'kumapita. Gologolo anaganiza kuti naye wamutaya. Koma posakhalitsa anamva mgugu. Njiri anabwera ndi mizu yonona pakamwa. Nyani anabwera atafungata masuku. Njovu anathyola nthambi yathunthu ya mfula n'kuiponya pakhomo. Nkhanga anabweretsa chiswe, Gologolo n'kulandira mwaulemu ngakhale sankachikonda. Gwape analibe choti n'kunyamula, ndiye anayamba kukonza nkhokwe ija ndi ziboda zake.

"Iwe phunzitsa," anatero Njiri. "Za mimba yako ndi zathu."

Gologolo anapukuta m'maso, mchira unadzukanso. "Chabwino. Tsono ndikufunseni. Pakhomo pa mwana ndi pati?"

"Ndi pamene pagona amake," anayankha Gwape.

"Ndiye amayi nonse musamuke. Mudzagone pano."

Anayang'anana. Kenaka Nyani anaphulika ndi kuseka, ndipo tsiku lomwelo anayamba kututa. Njiri anakumba una watsopano patsinde pa mtengo wa Gologolo. Nkhanga anasesa pambali pake. Gwape anayala udzu chapafupi. Kutacha, ana a mitundu yonse anadzuka ali pakhomo pa amayi awo, komanso akuyang'anizana.

Ndipo alendo anayamba kubwera. Nyamalikiti anawerama mpaka ana anaona lilime lake lalitali. Nsato anadzipinda chapatali n'kuwauza yekha kuti asadzapondepo pamene paoneka ngati mulu wa masamba. Aliyense ankaimbiridwa nyimbo, dzina lake likulowa m'malo mwa la mnzake, ndipo tsopano amayi nawonso ankavomera nawo, mwakuti kumapeto kuja kunkamveka kutali.

Tsiku lina nyimbo ili mkati, ana anangoti zii. Pakati pa bwalo panali pataima chinthu chachilendo, thupi lonse mamba okhaokha, chikuyenda ndi miyendo yakumbuyo, chitapinda manja ngati wopepesa.

"Azakhali, ameneyu ndani?" ananong'ona ana.

Gologolo nayenso anali asanamuonepo. Njovu ndi amene anati, "Ameneyu ndi Ngaka. Ine ndi ukalamba wangawu ndinangomumvera mbiri."

"Pepani, ndakusokonezani," anatero Ngaka ndi mawu aang'ono. "Ine sindionekera. Ndimaopa maso. Koma ndinamva kuti kuno kuli ana amene amayang'ana chinthu n'kuchithokoza. Ndinati ndisanafe, nanenso andiyang'aneko choncho."

Palibe anathamanga, palibe anakuwa. Ana anabwera mmodzimmodzi kudzagwira mamba aja ndi nsonga za mapazi. Ngaka anawaonetsa lilime lake lotapira nyerere. Anadzipinda n'kukhala ngati dzungu, ana n'kumafunafuna kumene kwapita mutu. Gologolo anayambitsa nyimbo misozi ili mbwembwembwe.

"Takhala moyandikana zaka zonsezi," anatero. "Ndikanafa osakuonani, achimwene. Zikomo kuti mwabwera."

Ngaka sanabwererenso kwawo. Anapempha kamalo pafupi ndi una wa Njiri.

Nyalugwe tsopano nthiti zinali zitayamba kuwerengeka. Anamukokeranso Gologolo pabwalo, ndipo ulendo uno sanafewetse mawu.

"Wasonkhanitsa ana onse! Akuona nyama iliyonse!"

"Mfumu, mwana uti wachoka pakhomo pa amake?" anafunsa Gologolo.

Fisi anakanda kumutu. "Palibe."

"Lamulo linaletsa amayi kusamuka?"

"Silinaletse," anatero Chipembere.

"Nanga mlendo akafika pakhomo, timupirikitse?"

"Iai! Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amalandiridwa."

"Ndiye ife talandira alendo basi." Gologolo anagwada. "Koma pali chimodzi chimene talakwitsadi, mfumu, ndipo ndikuvomera. Anawa athokoza wokumba chitsime, wolondera, ngakhale woperekeza. Koma amene sagona tulo kuwaganizira, amene wawaikira malamulo onsewa, sanamuthokoze. Akupempha kuti a Nduna abwere mawa adzalandire ulemu wawo."

"Mawu abwino!" anatero Chipembere. "Nyalugwe, upite. Inenso ndibwera ndidzamve nyimboyo."

Nyalugwe anafuna kukana. Koma anaganiza za ana onse aja ali malo amodzi, onenepa, ndipo anati mumtima, "Ndikaone poloweka." Komanso anali atamva kuti ngakhale Fisi anaimbiridwa, ndipo zinkamuwawa.

Anafika atadzinyambita bwinobwino. Ana anakhala mozungulira, amayi kumbuyo kwawo, mfumu pambali.

"Taonani kukongola!" anatero Gologolo. "Ana inu, chikopa chotere munachionapo?"

"Ayi!"

"Chiyang'anitsitseni. A Nduna, ati inu mukagona pamthunzi simuoneka. Ine ndimati ndi bodza."

"Bodza?" Nyalugwe anapita pansi pa chitsamba n'kugona. Anazimiririka.

"Ha! Apita kuti? Ana inu, afuneni. Yambani ndi nsonga ya mchira, imakonda kugwedera. Kenaka makutu."

"Uyo! Uyo!" anakuwa ana.

"Mwachita mwayi chabe," anatero Nyalugwe akudzuka.

"Atinso mumayenda osathyola ngakhale kamtengo."

Nyalugwe anayenda chokwawa, mimba ikukhudza pansi, mapewa akusinthana. Ana anaona mmene amayendera akafuna chinthu. Gologolo anamupempha mawu, iye anatulutsa mawu ake aja onga wocheka thabwa. Anamupempha zikhadabo, anazitulutsa n'kuzibweza.

"Chotsala chimodzi, a Nduna. Mutisiyire phazi lanu apa pamatope, kuti mukapita tizikukumbukirani."

Nyalugwe anaponda mwamphamvu n'kuchotsa phazi. Ana anaunjikana kuyang'ana.

Pamenepo Gologolo anakwera pachitsa. Kuseka kunali kutachoka pankhope pake.

"Ana inu, mwaona mawanga. Mwaona kugona kwake, kuyenda kwake, phazi lake. Mwamva mawu ake. Ameneyu ndiye uja amayenda osamveka. Ameneyu ndiye wakhala akudya abale anu. Ine ndinamuona ndi maso angawa."

Nyama zonse zinatembenukira kwa Nyalugwe.

"Mfumu, mwamva mwano?" anatero Nyalugwe. "Mboni yake ndani?"

Amayi anayang'ana pansi. Nyalugwe anayamba kumwetulira.

Kenaka Gwape anadzuka. Anapita pamatope paja n'kuyang'ana.

"Phazi ili ndikulidziwa," anatero. "Ndinalipeza pamene panathera mapazi a mwana wanga. Ndinalikwirira ndekha ndi dothi chifukwa cha mantha. Lero sindikwiriranso."

"Inenso ndinaliona," anatero Mbawala.

"Inenso," anatero Pusi.

"Ndi ine," anatero Nkhanga, ndipo mawu anabuka mbali zonse.

Nyalugwe sanadikire chiweruzo. Analumphira Gologolo. Chikhadabo chinamung'amba paphewa n'kumugwetsa pachitsa paja. Koma asanatsitse mano, Ngaka, amene ankaopa ngakhale maso, anadziponya pamwamba pa Gologolo n'kudzipinda, kumutsekera mkati. Nyalugwe analuma ndi mphamvu zake zonse. Kunamveka kuti gwa! Dzino linagwera pansi.

Asanadziwe chomwe chachitika, Njiri anamubaya m'nthiti ndi mano ake opindika. Nyani anamugwira mchira. Kutembenuka, anaona Njovu atatambasula makutu, mutu uli m'mwamba. Ana anali atapatuka kale, chifukwa ankadziwa tanthauzo lake. Nyalugwe anayang'ana uku ndi uku kufuna Fisi, koma Fisi anali atayamba kale ulendo. Nduna nayo inaliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Ngaka anadzitambasula. Gologolo anatuluka, magazi ali chuchuchu paphewa, n'kukweranso pachitsa.

"Mwangoti kakasi bwanji? Mlendo akupita osamuimbira? Watiphunzitsa zambiri ameneyu!"

Anatsogolera nyimbo, kutchula dzina la Nyalugwe, kumuthokoza chifukwa cha mawanga, chifukwa cha phazi, chifukwa cha dzino limene wawasiyira. Ana ndi amayi anavomera ndi zikomo wautali kuposa onse, ndipo pofika kumapeto kuja, Nyalugwe ankakumva ali kutali, kukamwa kukupweteka.

Chipembere anazolika. Kenaka anati, "Ndinavomera malamulo atatu osafunsa amayi a ana. Tidzakhale pabwalo tione mmene tingawachotsere."

"Musavutike ndi bwalo, mfumu," anatero Njiri akupukuta mano ake paudzu. "Malamulowo tawachotsa kale ife. Inu mungobwera mawa mudzaime kuti ana akuoneni bwino nyanga zanuzo."

Chipembere anafuna kuyankha, koma anamva mpweya wa nyama zonse zitamuzungulira, palibe yogwada.

"Ndibwera," anatero.

Anamumanga Gologolo bala lija ndi masamba. Njiri anamuuza kuti agone mpaka lipole. Koma kutangocha, atatha kuonetsa ana nyanga za mfumu, Gologolo anayamba kuwaika pamzere, akutsimphina.

"Ukupita nawo kutinso ndi phewa limenelo?" anafunsa Njiri.

"Kumtsinje. Kwa Ng'ona."

"Ng'ona! Ameneyo tikamuthokoza chiyani?"

"Tikamuthokoza chifukwa chotiphunzitsa kumwa madzi maso ali potsegula. Tikaimbira patali, usaope."

"Ndiye dikira," anatero Njiri. "Kwera pamsana panga. Ifenso tikupita."

Ndipo anapita onse, Gologolo ali pamsana pa mnzake, ana pakati, amayi m'mbali, Njovu kumbuyo.

Nthano yanga yakhala pansi pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule msanga, ine ndamva kale fungo lopserera.